Sitima za pa Kompyuta si Njuga

Pali liwu limodzi limene likumatuluka msanga m'kamwa mwathu masiku ano, nthawi zina lisanadutse n'komwe m'mutu. Liwulo ndi lakuti haraam. Mwana akangopezeka atayang'anitsitsa kompyuta, dzanja likuyendayenda, maso osaphethira, mlandu umakhala wagamulidwa kale: masewera ndi masewera basi, onse ndi njuga, onse ndi msampha wa Shaitani. Abale ndi alongo anga, ndikulemba kutsutsa chigamulo chimenechi pa masewera amodzi okha, akalekale, otchedwa Transport Tycoon, pamodzi ndi mdzukulu wake OpenTTD amene achinyamata ena ali naye m'makompyuta awo. Ndikunena mosapsatira kuti kholo limene likulanda mwana masewerawa lisanawaone likulakwa, ndipo kawirikawiri likulakwa pawiri, pakuti foni yobetchera mpira ili chikhalire m'thumba la mwana yemweyo, palibe woifunsa kanthu.

Masewerawa kwawo ndi ku Britain. Anawalemba ndi Chris Sawyer, katswiri wa ku Scotland, ndipo kampani ya MicroProse inawatulutsa m'chaka cha 1994. Mu 1995 kunabwera mtundu wowonjezeredwa, Transport Tycoon Deluxe, umene unatchuka koposa. Sawyer anaonera nzeru pa Railroad Tycoon ya Sid Meier ya 1990, imene mtima wake unali pa njanji, koma iye anaphatikizapo misewu, madoko ndi mabwalo a ndege. Pafupifupi pulogalamu yonse anailemba yekha m'chilankhulo cha makina chotchedwa assembly, chimene akatswiri ambiri amachithawa chifukwa chimafuna kuti kompyuta uziiuza kanthu kalikonse kakang'onong'ono kamodzikamodzi. Zithunzi anajambula ndi Simon Foster, nyimbo anapeka ndi John Broomhall. Amene nyimbo sizimukomera akhoza kuzizimitsa, sitima n'kumayendabe.

Wosewera amapatsidwa dziko lopeka, lokhala ndi mapiri, nyanja, matauni, migodi, minda ndi mafakitale, koma lopanda chozilumikiza. Mu Deluxe nkhani imayamba mu 1950 n'kukathera mu 2050. Mulibe mfuti, mulibe woti umuphe kuti upambane. Ntchito ndi imodzi: kuyendetsa kampani ya mtengatenga. Mgodi uli ndi malasha, malo opangira magetsi akufuna malashawo, ndipo pakati pawo pali phiri. Nkhalango ili ndi mitengo, fakitale yocheka matabwa ili tsidya la mtsinje, ndipo katundu wotuluka m'fakitaleyo ayenera kukafika m'tauni yaikulu mokwanira kumulandira. Miyala ya chitsulo ipite koyengera chitsulo, chitsulo chipite kufakitale, fakitale itulutse katundu. Mphete imodzi ya unyolo umenewu ikaduka, zonse za kutsogolo kwake zimaima.

Tsono tamvani mmene malipiro amawerengedwera, chifukwa mtima wa masewerawa uli pamenepa. Kampani imalipidwa potengera kuchuluka kwa katundu, kutalika kwa mtunda pakati pa pomwe wanyamulidwa ndi pomwe watsitsidwa, ndiponso masiku amene wakhala panjira. Mtunda ukatalika malipiro amakwera. Masiku akachuluka malipiro amatsika. Njanji yokhotakhota siwonjezera tambala, pakuti chowerengedwa ndi kutalikirana kwa masiteshoni awiriwo, osati kuzungulira kwako. Ndipo katundu satsika mtengo mofanana. Malasha amapirira, akhoza kugonera panjira osataya zambiri. Anthu apaulendo ndi zipatso sizipirira. Mayi aliyense amene ananyamulapo chambo chachiwisi kuchokera ku Mangochi kupita ku Limbe akudziwa lamulo limeneli kuposa Sawyer mwiniwake: usipa wouma umadikira galimoto ya mawa, chambo sichidikira. Mwana wa zaka 12 amene wakhala sabata imodzi pa masewerawa amaligwira lamuloli popanda womulalikira, chifukwa sitima yake yochedwa yabwera ndi ndalama zosakwana kulipirira ulendo wake womwe.

Siteshoni iliyonse ili ndi mlingo wosonyeza mmene eni katundu akukhutirira nawe. Ukamabwera mwa apo ndi apo, mlingo umatsika, katundu wodikira amayamba kutha, ndipo ngati mnzako wopikisana naye ali ndi siteshoni pafupi, gawo lalikulu limapita kwa iye. Galimoto zimakalamba. Injini imene sikupita kugalaja pa nthawi yake imafa panjira, utsi wakuda tolotolo, ndipo sitima zonse za m'mbuyo mwake zimaima pamzere. Mitengo ya zinthu imakwera chaka ndi chaka, kotero basi imene unagula mu 1955 sungaigulenso pa mtengo womwewo ikatha. Sitima ziwiri pa njanji imodzi popanda nyali zoziwongolera zimawombana. Nyalizo ukaziika molakwika, sitima ziwiri zimayang'anizana mpaka kalekale, iliyonse kudikira inzake, ndalama zikungotuluka. Kumapeto kwa chaka masewera amakutsegulira buku la ndalama: zolowa kuchokera ku sitima, ku misewu, ku ndege, zotuluka pa kumanga, pa kuyendetsa, pa kusamalira katundu wa kampani. Galimoto iliyonse ili ndi mzere wake wa phindu la chaka chino ndi la chaka chatha, ndipo imene ikudya mpamba siingabisale.

Ndifunse amuna anzanga amene anagulapo minibasi: ndi angati mwa ife amene tinayesa ndalama zonse zimene kondakitala wabweretsa madzulo kuti ndi phindu, osapatulapo za matayala, za injini, za tsiku limene galimoto idzafune kusinthidwa? Ndi maminibasi angati ali chigonere pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, chifukwa cha masamu omwewa? Masewera amene mukuwalandawo amalanga kulakwitsa kumeneku mosanyengerera, ndipo amalanga ndi ndalama zabodza, mwana asanafike msinkhu wotaya zenizeni.

Njuga ili ndi maonekedwe ake odziwika. Munthu amaika chuma chake chenicheni, mwayi ndiwo ugamula, ndipo chimene wina wapata n'chimene wina wataya. Qur'an yolemekezeka inailetsa momveka mu Surat al-Ma'idah, ndipo palibe Msilamu wotsutsa zimenezo. Kandege kamene kamaliza malipiro a anyamata m'misika yathu ndi njuga yeniyeni: umaika ndalama, kandege n'kukwera, iwe n'kumapemphera kuti udumphe kasanathawe. Palibe luso, palibe ntchito, palibe chimene wasuntha kuchoka pano kufika apo. Ndege ya mu Transport Tycoon ndi ya mtundu wina. Uyenera kuimangira bwalo, kuwerenga ngati matauni awiriwo ali ndi anthu okwanira, ndi kuvomereza kuti yaikulu ikamatera pa bwalo laling'ono ngozi ili pafupi. Palibe kwacha imene imalowa, palibe imene imatuluka. Inde, mwayi ulimo pang'ono: mgodi ukhoza kuchepetsa zotulutsa, injini ikhoza kufa tsiku losayembekezeka. Koma mwayi wotere ulinso m'munda wa mpunga ndi pa bwato la usodzi, ndipo sitinamvepo mlimi akutchedwa wanjuga chifukwa chakuti mvula siimumvera.

Maulama akale sanali aulesi pa nkhani zoterezi monga mmene ife tikuchitira. Atakumana ndi masewera a chess, sanawaponye m'dengu limodzi ndi masewera oponya madayisi. Ena anawaletsa, n'zoona. Koma a madhhab ya Imam Shafi'i, imene ambiri kunyanja kuno timatsatira, anasiyanitsa masewera odalira kuganiza ndi odalira mwayi, ndipo anati chess ndi makruh, imasanduka haraam pakalowa kubetcherana, kutaya nthawi ya Swala kapena kutukwanizana. Taonani: anayamba aona chinthucho, kenako n'kugamula. Nanga bawo? Pansi pa mitengo ya mango kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makanjira, akuluakulu a ndevu zoyera amatha masana onse akutakata nkhomo, akuwerenga m'mutu njira zitatu kapena zinayi kutsogolo, ndipo timawatama kuti ndi anzeru. Mdzukulu wawo akamawerenga njira za sitima pa kompyuta, tikuti wasochera. Kusiyana kwake n'kwakuti bawo tikulidziwa, kompyuta sitikuidziwa, ndipo kusadziwa kwathuko tikukuveka mkanjo wa chipembedzo.

Pali chotsutsa chimodzi chachikulu, ndipo sindichizemba, ngakhale kuti ambiri oletsa masewerawa sakuchidziwa poti sanawatsegulepo. Kampani ya wosewera imayamba ndi mapaundi 100,000, ndipo onsewo ndi ngongole ya kubanki ya chiwongoladzanja, cha pakati pa 2 ndi 4 pa 100 iliyonse pa chaka malinga ndi kulimba kwa masewera kumene wasankha. Ukabweza zonse tsiku loyamba, utsala wopanda chogulira ngakhale basi imodzi. Sawyer analemba dziko limene iye anakuliramo, mmene bizinesi imabadwira kubanki ndipo palibe woganiza kuti ingabadwire kwina. Kwa ife imeneyi ndi riba, ndipo Surat al-Baqarah siisiya mpata wokambirana za iyo.

Koma riba ndi mgwirizano wa pakati pa wokongoza ndi wokongola, pa chuma chenicheni. Pano palibe wokongoza, palibe wodyeredwa, palibe tambala yasintha mwini. Chimene chilipo ndi chithunzi cha riba, ndipo funso loyenera ndi lakuti chithunzicho chikuphunzitsa mwana chiyani. Chisiyeni chokha, chidzamuphunzitsa kuti ngongole ya chiwongoladzanja ndi khomo lokhalo lolowera malonda. Khalani pambali pake, chidzamuphunzitsa zina. M'buku la ndalama lija muli mzere wakewake wa chiwongoladzanja, ndalama zimene zimatuluka kaya sitima zayenda kaya sizinayende, kaya mgodi watsekedwa kaya uli moyo. Muloze mzere umenewo. Mufunse mwana kuti banki yanyamula matumba angati a malasha kuti idye nawo. Ngongoleyo imabwezedwa mapaundi 10,000 nthawi imodzi. Muikeni lamulo la pakhomo lakuti phindu loyamba lipite kumeneko mpaka mzerewo ufike pa ziro, ndipo asakongolenso. Kenako mumuuze chimene masewerawa sadziwa: kuti pali mudaraba, pamene wina aika mpamba, wina aika thukuta, phindu n'kugawana monga anapanganirana, ndipo malonda akagwa mwini mpamba ataya chuma, wogwira ntchito ataya thukuta lake. Mumuuze kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) asanapatsidwe utumiki anayenda ndi katundu wa Mayi Khadija kupita ku Shaam. Ndi phunziro liti la ku madrasa limene lingagwire mtima wa mwana ngati limeneli, loperekedwa iye akuona ndi maso ake ndalama zikudontha?

Chimodzimodzi ziphuphu. Tauni iliyonse m'masewerawa ili ndi khonsolo imene imakuyang'anira. Ukagwetsa nyumba ndi kudula mitengo mwachisawawa, khonsolo imakwiya n'kukukaniza kumanga siteshoni m'dera lake. Ukabzala mitengo ndi kutumikira anthu ake mokhulupirika, mtima wake umabwerera. Mu OpenTTD anawonjezeramo njira yachidule: ukhoza kupereka chiphuphu kwa khonsolo, pa mtengo wokwera, ndipo ukagwidwa mbiri yako imagwera pansi, tauniyo n'kukukana kwa miyezi 6. Batani limeneli likhoza kuzimitsidwa pa zosankha za masewera, ndipo kholo likhoza kulizimitsa. Ine ndikanakonda lisiyidwe, mwana alione, adziwe kuti lilipo, dzanja lake liphunzire kulidutsa. Mabatani otere adzawapeza ambiri akadzakula, pa misewu ndi m'maofesi, ndipo kumeneko kulibe powazimitsira.

Chilema chenicheni cha masewerawa chili pena, ndipo oletsa sachitchula. M'dziko la Sawyer munthu ndi katundu. Apaulendo amawerengedwa pa mndandanda umodzi ndi malasha, ng'ombe ndi makalata. Kusiyana kwawo n'kwakuti amatsika mtengo msanga. Sitima ikawombana ndi basi pa mphambano ya njanji ndi msewu, nyuzipepala ya m'masewera imalengeza chiwerengero cha akufa, mlingo wa masiteshoni oyandikira n'kutsikako, basi nkhani yatha. Kulibe maliro, kulibe ana amasiye, kulibe chipukutamisozi. Osewera ena anatulukira msanga kuti akhoza kudutsitsa njanji pa msewu wa opikisana nawo n'kumaphwanya mabasi awo mwadala, ndipo masewera sawaimba mlandu. Minda ya anthu imafafanizidwa ndi kudina kamodzi. Pamapu onse palibe manda ngakhale amodzi oti njanji iwalambalale. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lomwelo limene lili m'mutu mwa dalaivala wa matola wolongedza anthu 30 pamwamba pa matumba a chimanga, ndi mwini bwato wowonjezera apaulendo mwera ukuwomba. Koma mwana amene sanaonepo bodzali litajambulidwa poyera adzalizindikira bwanji atavala yunifolomu? Pa kompyuta mukhoza kuimitsa masewera n'kumufunsa kuti anthu amene nyuzipepala yawerengawo anali ndani, anasiya ndani kunyumba. Pa msewu wa Salima simungaimitse kanthu.

Za OpenTTD zikufunika kunenedwa, chifukwa ndi kumene masewerawa akukhala masiku ano. Ludvig Strigeus wa ku Sweden anaphunzira mmene Deluxe imagwirira ntchito n'kuilembanso, ndipo inatuluka koyamba mu 2004. Kuyambira pamenepo yakhala m'manja mwa anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, amene amaikonza popanda malipiro, pansi pa chilolezo chimene chimalola aliyense kuitenga, kuisintha ndi kugawira ena. Pofika mu 2010 anali atajambula zithunzi zawozawo, kotero kuti munthu safunikanso kukhala ndi masewera akale aja. Mapu a Sawyer anali a mabokosi 256 mulitali ndi 256 mulifupi. A OpenTTD amafika 4,096 mbali iliyonse. Anthu angapo akhoza kuyendetsa kampani imodzi, mkulu kuyang'anira njanji, mng'ono kuyang'anira mabasi, n'kumakangana pa buku limodzi la ndalama monga amachitira abale ochita malonda pamodzi. Mulibe otsatsa malonda, mulibe chogula kuti udutse anzako, sifuna intaneti ukaitenga kamodzi, ndipo imayenda pa kompyuta yakale imene ena anaitaya. Yerekezani ndi timasewera ta pa foni timene timapangidwa dala kuti mwana azibwerera ola lililonse, timene timamwa bandulo ndi kumuonetsa zithunzi zimene simungafune aone. Timeneto mukutilekerera chifukwa n'tating'ono, timabisala m'chikhatho. Amene mukuwalanda ndi amene amaonekera poyera pa tebulo.

Nthawi ndiyo mlandu umene ndikuvomereza kuti ndi wolemera. Chaka chimodzi cha m'masewera chimatha m'mphindi pafupifupi 13 ndi theka, kotero zaka 100 zija ndi maola opitirira 20, ndipo mu OpenTTD ukhoza kupitirirabe zitatha. Nthawi zonse pamakhala mphambano imodzi yoti ikonzedwe, sitima imodzi yoti isinthidwe. Munthu akhoza kukhala pansi itangotha Asr n'kudzidzimuka nyenyezi zitatuluka. Pamenepa malire amene maulama anaika pa chess akugwira ntchito osasintha chilembo: masewera otayitsa Swala aletsedwe, otayitsa homuweki ndi ntchito za pakhomo achepetsedwe. Koma batani loyamba pamwamba pa sikirini, kudzanja lamanzere, ndi loimitsa zonse. Sitima zimaima pomwe zili, ndalama sizituluka, palibe mdani wokulanda kanthu iwe uli kumzikiti. Mwana wonena kuti sangachoke chifukwa masewera ali pakati akunama, ndipo kholo limene lawaonapo masewerawa lidziwa kuti akunama. Kholo limene silinawaonepo lili ndi njira ziwiri zokha, kukhulupirira bodzalo kapena kuzula chingwe mwaukali, ndipo zonse ziwiri zimaphunzitsa mwana kubisa.

Kwa mashehe athu olemekezeka ndili ndi pempho limodzi. Mukafunsidwa za masewera a pa kompyuta pambuyo pa Jumu'ah, musayankhe onse ndi mpweya umodzi, ngati kuti nsomba ikawola imodzi ndiye kuti nyanja yonse yawola. Funsani dzina la masewerawo. Funsani ngati mukulowa ndalama, ngati muli zamaliseche, ngati akhoza kuimitsidwa adhana ikamveka. Ngati ndi Transport Tycoon, uzani mnyamatayo abweretse kompyuta yake pakhonde, asankhe dziko lotentha, limene lili ndi chimanga, zipatso, mphira ndi miyala ya kopa. M'dziko limenelo tauni ya m'chipululu sikula ngakhale uipatse mabasi ochuluka chotani, kufikira utaifikitsira chakudya ndi madzi. Mumufunse kuti madziwo akawatenga kuti, pa njira iti, ndipo ngongole ya kubanki ija yatsala zingati.